Mutu 7: Moto ndi wa Potuluka

1. Khoma la dzuwa

Mwezi wa Julaye unali kutha, koma chisanu chinali chisanatope. M'mawa utsi wa mbaula unkagona pamwamba pa nyumba za kampani mu Ingagula, ndipo amuna opita ku mgodi ankayenda atakweza mapewa, manja ali m'matumba. Tauni ya migodi ya malasha ya Hwange, mmene muli Ingagula, ndi malo otentha. N'chifukwa chake chisanu chikafika chimapeza anthu osakonzeka chaka ndi chaka.

Loweruka limenelo Eldah, mtsikana wa Fomu 3, anakhala kuseri kwa nyumba yawo atatsamira khoma limene dzuwa limayambira kuwomba. Mnzake wa nyumba yoyandikana, Marvellous, anali kumumasula tsitsi. Dzuwa likasuntha, iwonso ankasuntha.

Amayi ake a Eldah, a Mailesi, anatulukira ndi beseni la zochapa.

"Abuluzi inu, mudakali pano?" anatero. "Eldah, agogo ako a Dominiko anadutsa pa njinga iwe uli m'bulangete. Akusiyira mawu."

Eldah anazyolika. Masiku amenewo dzina limeneli linkamuchititsa manyazi.

A Dominiko anali mkulu wa mpingo, wopuma ntchito ya mu mgodi. Sanali agogo ake enieni, koma ana onse a mpingo ankawatchula choncho. Iwo anali ndi chinthu chachilendo: thabwa loyenda pa madzi ndi thanga. Amene anawasiyira ndi injiniya wina amene ankagwira naye ntchito, pamene ankabwerera kwawo. Thabwalo ndi lalitali kuposa chitseko, ndipo pakati pake pamaima mlongoti wonyamula thanga. Munthu amaimirira pa thabwapo n'kugwira thangalo ndi manja, mphepo n'kumamuyendetsa. Ana analipatsa dzina loti Kakowa, ngakhale fumbi la malasha linali litalichotsa kale kuyera.

Mu Okotobala wa chaka chapitacho, dzuwa likuswa mtengo, achinyamata a mpingo ankakhamukira ku damu Loweruka lililonse. Kugwa m'madzi kunali kokoma kuposa kuima pa thabwa. Dzinja litafika a Dominiko anatseka maphunziro, chifukwa mitsinje ikadzaza imabweretsa ng'ona, ndipo mlongoti umaitana mphenzi. M'masika anabwererako ochepa. Chisanu chitangoyamba, anthu anayoyoka ngati masamba. Eldah, amene ankakonda Kakowa kuposa onse, anasiya kupitako kumayambiriro kwa Juni.

"Akuti chiyani?" anafunsa chapansipansi.

"Akuti lole ya mpingo yapeza dizilo. Lolemba inyamula mahema ndi miphika kupita ku Mlibizi, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, kukakonzekera msonkhano wanu wa achinyamata wa mu Ogasiti. Kakowa akwera nawo. Lero ndi tsiku lomaliza pa damu. Ndipo lamulo lija silinasinthe. Amene sanafike pa mtengo wouma wa pakati pa damu uja n'kubwerako yekha, sakakwera thabwa pa Kariba. Akaonerera ali pa mtunda."

"Hayi bo, kuyaqanda!" anakuwa Marvellous. "Madzi a lero angaphe munthu, mama."

"Sindebele chisiye pa geti. Pano timati kukuzizira," anatero a Mailesi akuseka.

Eldah sanaseke. Kuyambira kale ankalakalaka kudzayendetsa Kakowa pa madzi aakulu a Kariba, ndipo pa mtengo woumawo anali asanafikepo.

"Amayi, mtima wanga sukufunanso," anatero. "Kaya chinalowa n'chiyani. Kale Lachisanu likafika ndinkangoganiza za damu. Tsopano ndikaliganiza thupi limalemera."

"Agogo ako akudziwa zimenezo. Anati ndikuuze kuti ubwere udzangonyowetsa mapazi. Ukanyowetsa, ukafuna kubwerera ubwerere, palibe akufunse."

"Mapazi okha?"

"Mapazi okha."

2. Ovolosi ya abambo

Eldah analowa m'nyumba. Anavala kabudula ndi malaya opepuka, monga ankachitira mu Okotobala. Atamva kamphepo kakulowera pa zenera, anawonjezera juzi. Pamwamba pa juziyo anavalanso ina ya sukulu.

Kuseri kwa chitseko kunali ovolosi ya abambo ake, a Lawson, amene ankagwira ntchito yokonza makina ku shopu ya mgodi. Tsiku limenelo anali atapita ndi inzake, ndipo iyi inali yochapa, yodikira Lolemba. Eldah anaivala, n'kupinda miyendo ndi manja. Kenaka anatenga magambutsi akale a abambo akewo, naika nyuzi kutsogolo kuti asamavuke.

Atatuluka, Marvellous anagwa pansi ndi phwete.

"Mwaswera bwanji, a foromani? Shifiti yayamba kale, fulumirani!"

"Seka, koma ine sindizizidwa," anayankha Eldah. "Anthu a mu mgodi si opusa. Chovala ichi mphepo sichiidziwa."

"Ndikuperekeza. Ndikufuna ndikaone mmene ng'ona zikathawire."

A Mailesi anali atawerama pa zochapa kuseri, ndipo sanaone mmene mwana wawo anavalira. Anangoitana kuti atenge mbatata zimene zinali m'lichero akawapatse agogo.

Njira ya ku damu inkadutsa njanji n'kulowa m'tchire la mitengo ya tsanya. Mitengoyo inali itakhetsa masamba, ndipo ofiira ouma ankalira pansi pa magambutsi. Sitima ya malasha inadutsa pang'onopang'ono kulowera ku Thomson Junction. Pofika pakati pa njira Eldah anali atayamba thukuta, koma sanafune kuti mnzake adziwe.

3. Malamulo awiri

Pa damu anapeza a Dominiko okha. Kakowa anali atagona m'mphepete mwa madzi, thanga lake lofiira ndi loyera litamangidwa kale. Kabwato kawo ka malata kanali pambali. Chapatali pang'ono, pansi pa mlambe, mbaula inali kuyaka, ketulo ili pamwamba. Madalawo anali kuyendera matope a m'mphepete, monga ankachitira nthawi zonse, kuona ngati pali mapazi a ng'ona. Anali kung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi.

Atsikana aja anagwada n'kupereka moni ndi mbatata.

"Zikomo, adzukulu. Ambuye ndi abwino, nkhosa zotayika zayamba kubwera zokha." Kenaka anamuyang'ana Eldah kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Koma uyu ndani? Lawson, wafupika liti?"

Marvellous anayambiranso kuseka, uku akuthamangira ku mbaula. Eldah anati amutsatire.

"Aikona!" anatero a Dominiko. "Iwe ima pomwepo. Mnzakoyo musiye awothe, iye wabwera kudzaperekeza. Iwe ndili nawe mawu awiri."

Eldah anaima.

"Oyamba ndi a zovalazi. Mdzukulu wanga, ovolosi ndi chovala chabwino. Ine ndakalamba nayo. Koma chinthu chilichonse chili ndi malo ake. Ovolosi ikamwa madzi imalemera ngati thumba la malasha. Majuzi awiriwo akanyowa adzakumata ngati matope, manja osatambasuka. Nanga magambutsi? Amenewo ndi ndowa ziwiri zomangidwa ku miyendo. Ukagwa nawo amadzaza, ndipo sungathe kusambira kapena kukwera pa thabwa. Chimene chimakusunga pa mtunda chikhoza kukupereka pa madzi. Usadzalole munthu, ngakhale mnzako wa pamtima, kulowa m'madzi atavala chonchi. Wandimva?"

"Ndamva, agogo. Koma ine ndangobwera kudzanyowetsa mapazi."

"Ndi zoona, ndinatero. Nanga mapazi amanyowa ali m'magambutsi?"

Eldah anamwetulira pang'ono. Anayang'ana mbaula. Marvellous anali atatambasula manja pamwamba pa makala, maso atatsinzina ngati mphaka.

"Bwanji ndiyambe ndawotha pang'ono, thupi limasuke?"

"Amenewo ndiwo mawu achiwiri. Moto ndi wa potuluka, si wa polowa. Ku mgodi madzi otentha osamba tinkawapeza shifiti ikatha. Munthu amene wayamba ndi kuwotha salowa, ndaona ambiri. Amati pang'ono pokha, kenaka pang'ononso, mpaka dzuwa lapendeka. Mbaula iyo ndayatsira iwe, tiyi uyo ndi wako, mbatata ndikuwotchera ndine. Koma uzipeze pobwera."

"Agogo, vuto si kuzizira kokha. Mtima wanga unasiya kufuna."

A Dominiko anakhala pa mphuno ya kabwato, naloza mtengo wa tsanya.

"Taona mtengo uwo. Ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Kodi tiuitanire nkhwangwa? Iyayi, sunafe, uli m'nyengo yake. Mtima wa munthu ulinso choncho. Mu Okotobala munkabwera ambiri, koma si thanga limene munkalifuna, munkafuna madzi ozizira. Mphepo ya Okotobala ndi yabodza. Imagona m'mawa wonse, masana n'kudzuka ngati kamvuluvulu. Sungaphunzire nayo kanthu. Ya Ogasiti ndi yaukali, siyembekeza wophunzira, ndipo pa Kariba imabwera ndi mafunde. Mphepo yophunzitsa ndi ino ya chisanu. Ndi yofatsa, imachokera mbali imodzi tsiku lonse, ndipo ng'ona sizikhala ndi mphamvu zoyendayenda. Koma Mulungu anaiika m'mwezi umene palibe wofuna kunyowa. Ndinamufunsapo chifukwa chake, ndikudikirabe yankho."

Anaseka okha, kenaka nkhope yawo inafatsa.

"Ine ndinali munthu wa mpweya mu mgodi. Ntchito yanga inali kutsogola, kuona ngati mphepo ikuyenda bwino m'makwalala a pansi anzanga asanalowe. Ukuganiza kuti m'mawa uliwonse mtima unkafuna? M'chisanu ngati chino bulangete linkandigwira miyendo. Koma ndili ndi anzanga amene agona pa Kamandama paja, pamene mgodi unaphulika, amene timakawakumbukira mu Juni. Ndikawaganiza, sindinkafunsanso mtima wanga. Ndinkangouza miyendo kuti tiyeni tikafike pa chipata pokha. Ukafika pa chipata wapeza anzako, wayatsa nyali, wayamba kuyenda, ndiye mtima umakupeza m'njira. Mtima uli ngati mwana wotumidwa, umabwera pambuyo ukukoka mapazi. Mawu a Mulungu amatichenjeza za mlimi amene amangoyang'ana kumwamba kudikira tsiku lokoma. Ameneyo nkhokwe yake imakhala nyumba ya akangaude. Tsono iwe wafika pa chipata. Kulowa kapena kubwerera, zili kwa iwe, ndipo ukabwerera ndidzakukondabe chimodzimodzi."

Eldah anayang'ana mtengo wouma umene unaima pakati pa damu. Anayang'ananso mbaula.

"Marvellous," anaitana, "bwera undigwirire chitenje."

4. Ku mtengo wouma

Ovolosi, majuzi ndi magambutsi zinatsala pa nthambi ya tsanya. Eldah anatulukira ndi kabudula ndi malaya opepuka, khungu lonse litachita tsembwe. A Dominiko anamuveka jekete yoyandamitsa n'kuimanga zolimba. Anavula chipewa napemphera mwachidule, kupempha Mwini mphepo ndi madzi kuti amusunge mwanayo popita ndi pobwera.

Eldah anaponda m'madzi.

"Mayo ine!"

"Mapazi anyowa," anatero a Dominiko. "Pangano lathu latha. Upita kunyumba?"

"Iyayi. Ndazizidwa kale, ndizizidwirenji pachabe?"

Anakankha Kakowa mpaka madzi anafika m'mawondo, nakwera. Thanga linali litagona pa madzi. Anafulatira mphepo, naponda uku ndi uku kwa mlongoti, n'kuyamba kukoka chingwe chodzutsira thanga. Miyendo inali itaiwala ntchito yake. Thabwa linagwedezeka, ndipo iye anagwa chagada, phava!

Kuzizira kunamulanda mpweya. Anatulutsa mutu akuwefuka.

"Usalimbane, jekete ikunyamula," anatero a Dominiko, amene anali atafika pafupi ndi kabwato kawo. "Puma kaye. Tsopano kwera. Checha, fulumira, usachedwe m'madzi!"

Ku mtunda Marvellous anali kuwomba m'manja. "Ubatizo wachiwiri umenewo, a foromani!"

Eldah anakweranso. Anagwanso. Atakwera kachitatu, madalawo anati, "Ukukoka ndi msana ngati ukuzula chinangwa. Pinda mawondo, msana uwongoke. Dikira madzi atsike m'thanga, lipepuka lokha."

Anachita monga anamuuzira. Thanga linadzuka pang'onopang'ono likudontha. Anagwira chogwirira ndi dzanja lakutsogolo, kenaka lakumbuyo. Mphepo inalowa m'thangamo mofatsa, ndipo Kakowa anayamba kuyenda. Pansi pa thabwa madzi anayamba kulankhula, tsee, tsee.

Eldah anali ataiwala phokoso limenelo. Atalimva anaseka mokweza, mano akugundana.

"Wakupeza?" anafunsa a Dominiko akupalasa pambuyo pake.

"Ndani, agogo?"

"Mwana wotumidwa uja."

"Wandipeza!"

Mtengo wouma unayandikira. Mbalame imene inali pa nthambi yake inauluka. Eldah anaupitirira pang'ono, monga mwa lamulo. Tsopano panatsala chovuta chenicheni, kutembenuka. Ankayenera kuloza mphuno ya thabwa kumene mphepo ikuchokera, n'kuzungulira mlongoti ndi mapazi mpaka aime mbali inayo. Anayamba bwino. Koma zala zinali zitauma ndi kuzizira. Chogwirira chinapulumuka, ndipo iye ndi thanga anagwera mbali imodzi.

Apa madzi anali akuya, ndi ozizira kuposa a m'mphepete. Anagwira thabwa, nagoneka chifuwa pamenepo. Mtunda unkaoneka kutali. Utsi wa mbaula unkaoneka ukukwera pansi pa mlambe.

A Dominiko anayandikiza kabwato, namuyang'anitsitsa milomo ndi manja.

"Tandiuza dzina la abambo ako."

"A Lawson."

"Tambasula zala. Funyanso. Chabwino, mphamvu zilipo. Tamvera tsono. Ukafuna kukwera m'bwato muno, dzanja langa ili. Palibe tchimo, ndipo sindidzakuseka. Koma kumeneko si kubwerako wekha, ndipo pa Kariba sindingakulole. Kumeneko mphepo ikakutenga, bwato langa silingakupeze. Ndikupatsa mpata umodzi. Ukagwanso ndikukweza, ufune usafune, chifukwa moyo wako ndi woposa Mlibizi."

Eldah anayang'ana dzanja lija. Linali pafupi, louma, lofunda.

Anaika zala zake m'khwapa kwa kanthawi, naziuzira mpweya. Kenaka anagwada pa thabwa, naimirira. Anapinda mawondo. Anadikira madzi atsike m'thanga. Sanafulumire. Atagwira chogwirira, mphuno ya Kakowa inali italoza ku mlambe.

Ulendo wobwerera a Dominiko anangomutsatira ndi kabwato kawo. Anayambiranso nyimbo yawo ija, ndipo ulendo uno anaiimba ndi mawu onse.

5. Potuluka

Thabwa litakhudza matope, Marvellous anali ataima kale pamenepo ndi chitenje. Anamukulunga mnzake n'kumukokera ku mbaula. Eldah anavala majuzi ake onse awiri, ouma bwino chifukwa anatsala pa mtunda. A Dominiko anamuthirira tiyi m'kapu ya chitsulo, namusendera mbatata yotentha.

Eldah anali asanamwepo tiyi wokoma chotero chibadwire.

"Bwanji tiyi wanu lero akukoma chonchi, agogo? Mwathira chiyani?"

"Funsa mnzako. Wamwa wa m'ketulo yomweyo."

"Wanga anali wamba," anavomera Marvellous. "Shuga wake ngati wongoloza."

Onse anaseka. A Dominiko anaika dzanja pa mutu pa Eldah.

"Wafika pa mtengo, wabwerako wekha. Pa Kariba ukakwera Kakowa, m'mawa mphepo isanakalipe, ine ndili pambali. Tithokoze Ambuye amene anatipatsa chisanu."

Marvellous anaika kapu yake pansi. Kenaka anavula nsapato zake, napita m'mphepete mwa madzi. Anaviika chala chimodzi, nakuwa m'Sindebele, koma sanathawe. Anaviika phazi lonse.

"Agogo, kodi Kakowa akabwerako ku Mlibizi, chisanu chidzakhala chitatha?"

"Chidzabweranso, mdzukulu. Sichinaphonyepo chaka."

Pamene anali kumasula thanga kuti alipinde, anamva belu la njinga. Anali a Lawson, atangoweruka n'kudzera kunyumba, nkhope ikadali ndi mafuta a makina. Anatsika pafupi ndi mtengo wa tsanya, nayang'ana ovolosi imene inali kulendewera pa nthambi, magambutsi ali pansi pake.

"Ndimati kapena mnzanga wina wa ku shopu wabwera kudzasamba," anatero. "Moni, madala."

Eldah anagwada msanga. "Pepani, ababa. Ndinatenga osapempha."

"Ubweze mmene unaipezera. Ndinaima pa njanji paja, ndinakuona ukutembenuka pa mtengo." Anakhosomola, ngati munthu wobisa kumwetulira. "Mwachita ntchito, madala."

"Ntchito wachita ndi mwana. Ine ndamulola za ku Mlibizi. Mawu otsala ndi anu."

Nkhope ya a Lawson inasintha pang'ono. Anayang'ana thanga lopindidwa, kenaka mwana wawo.

"Ndi zimene ndabwerera. Eldah, kwera pa kaliyala. Kunyumba kwafika azakhali ako a Annah ochokera ku Thomson. Akuti mwezi wa Ogasiti wonse akukufuna kwawo, ndipo chikwama chako ayamba kale kulongedza."

Eldah anayang'ana a Dominiko. Madalawo anathira madzi pa mbaula, natenga chipewa chawo, n'kuyamba kukankha njinga yawo kulowera njira ya ku Ingagula.

"Tiyeni tipitire limodzi," anatero. "Papita nthawi ndisanawapatse moni a Annah."